Kopa Amene Sachoka M'dothi la Minda ya Mphesa

Anzanga, lero ndikutengerani ku France. M'zaka za m'ma 1880, matenda otchedwa downy mildew ankawononga mphesa kumeneko. Katswiri wa zomera, Millardet, anapeza kuti kusakaniza copper sulphate, laimu ndi madzi kumateteza masamba. Mankhwalawa ndi Bordeaux mixture, ndipo alimi akupoperabe mpaka lero.

Ndiye vuto lili pati? Kumbukirani za mu Chemistry: kopa ndi elementi, sawola ngati manyowa. Mvula ikatsuka masamba, kopayo amagwera pansi n'kukakamira m'dothi lapamwamba. Chaka ndi chaka amangounjikana.

Akachuluka, nyongolotsi ndi tizilombo towoletsa zinyalala timachepa, ndipo mizu ya mbewu zanthete imapinimbira. M'dothi la asidi, kopa amasungunuka msanga. Komanso madzi akamakokolola dothi, amapita naye kumitsinje, kumene amapha nsomba.

N'chifukwa chake kuyambira 2019, European Union imalola makilogalamu 28 okha a kopa pa hekitala m'zaka 7.

Ndikusiyireni funso: alimi ena amathira laimu m'dothi lotereli kuti pH ikwere. Kodi kopayo wachoka, kapena wangomangika?