Phunziro la pa kalabu: Mmene kachilombo ka HIV kamadutsira pa chipata cha nyukiliyasi

Anzathu a m'makalabu a achinyamata, pali funso limene limabwera kawirikawiri tikamakambirana: ngati ma ARV amachepetsa kachilombo mpaka kosaoneka poyeza magazi, n'chifukwa chiyani munthu sayenera kusiya kumwa? Yankho lake lili pa tizipata ting'onoting'ono timene tili m'kati mwa maselo athu. Werengani phunziroli pamodzi, kenaka mukambirane mafunso amene ali kumapeto.

Kodi nyukiliyasi n'chiyani?

Thupi lathu linapangidwa ndi maselo, tinthu tating'ono tosaoneka ndi maso. Pakati pa selo pali kachipinda kotchedwa nyukiliyasi. M'menemo ndi mosungiramo DNA, malangizo onse a mmene selo liyenera kugwirira ntchito. Kachipindaka n'kotchingidwa mozungulira, ndipo polowera ndi potulukira ndi pa tizipata tokha. Selo limodzi limatha kukhala ndi tizipata toposa 1,000.

Mapuloteni, amene ndi antchito a m'selo, amapangidwira kunja kwa nyukiliyasi. Koma ena mwa iwo ntchito yawo ili m'kati. Nanga selo limadziwa bwanji oyenera kulowa ndi oyenera kutsala?

Chiphaso cholowera

Taganizirani za chipata cha Dedza, pa malire a dziko lino ndi Mozambique. Munthu wa galimoto yaikulu ya katundu sangangodutsa kupita ku Calomue. Amafunika mapepala, komanso munthu wodziwa kumuyendetsera mapepalawo. M'selo zilinso chimodzimodzi. Tinthu ting'onoting'ono timadutsa tokha pa chipata cha nyukiliyasi, koma puloteni yaikulu imafunika chiphaso ndi woiperekeza.

Chiphasocho chinalembedwa pa puloteni yomweyo. Puloteni ili ngati mkanda wotungidwa ndi timikanda totchedwa ma amino acid. M'chaka cha 1984, Daniel Kalderon, Alan Smith ndi anzawo ku London anapeza kuti pa puloteni ina ya kachilombo ka SV40 pali timikanda 7 totsatizana timene timagwira ntchito ya chiphaso. Atasintha kamkanda kamodzi kokha, puloteniyo inakanika kulowa. Atamata timikanda tomweto pa puloteni imene nthawi zonse imakhala kunja, inalowa m'nyukiliyasi.

Woperekeza uja anadziwika m'chaka cha 1994. Dzina lake ndi importin. Iye amagwira puloteni pa chiphaso paja, n'kuoloka nayo pachipata, n'kukaisiya m'kati. M'chaka cha 1999, Günter Blobel analandira mphoto ya Nobel chifukwa chosonyeza kuti mapuloteni amakhala ndi zizindikiro zoterezi zouza selo kumene akupita.

Kachilombo ka HIV kamadutsa bwanji?

HIV imalimbana ndi maselo a CD4, asilikali oteteza thupi. Koma singaswane isanafike m'nyukiliyasi. Tizilombo tina ta m'gulu lake timadikira nthawi imene selo likugawikana, pamene mpanda wa nyukiliyasi umaphwasuka. HIV sidikira. Imadutsa pachipata mpanda uli chilili.

Ikalowa m'selo, malangizo ake amakhala atakutidwa m'kachikwama kotchedwa capsid. Kwa zaka zambiri akatswiri ankaganiza kuti kachikwamaka kamasweka kasanafike pachipata chifukwa n'kakakulu. Koma m'chaka cha 2021, ofufuza a ku Germany anajambula kachikwamaka kakudutsa pachipata kali kathunthu. M'chaka cha 2024, ofufuza ena anasonyeza kuti kunja kwa capsid kunapangika mofanana ndi operekeza a m'selo. Tinene kuti mbava yavala yunifomu ya ogwira ntchito pachipata, ndipo alonda akuilola kudutsa.

M'katimo, puloteni ya kachilomboka yotchedwa integrase imadula DNA ya munthu n'kusokererapo malangizo a HIV. Kuyambira pamenepo selo limayamba kupanga mapuloteni a kachilomboka ngati ake. Awiri mwa iwo, Tat ndi Rev, ali ndi ziphaso zawozawo zolowera m'nyukiliyasi. Tat amafulumizitsa kukopera malangizo a kachilombo, ndipo Rev amawatulutsira kunja kuti tizilombo tatsopano tipangidwe.

Zikutikhudza bwanji ife?

Choyamba, kumwa mankhwala mwa ndondomeko. Malangizo a HIV akasokereredwa ku DNA, palibe mankhwala a kuchipatala amene amawachotsa. Maselo ena a CD4 amagona nawo kwa zaka zambiri. Ma ARV amaletsa kachilombo kulanda maselo atsopano, koma munthu akasiya kumwa, maselo ogona aja amadzuka ndipo kachilombo kamachulukanso m'masabata ochepa. Choncho wokuuzani kuti mwachira, tayani mankhwala, akukunamizani.

Kuno ku Malawi ma ARV aulere anayamba kuperekedwa m'zipatala za boma m'chaka cha 2004. Kuyambira 2019, anthu ambiri amamwa piritsi limodzi patsiku lokhala ndi mankhwala atatu. Tenofovir ndi lamivudine amasokoneza kachilombo pokopera malangizo ake, pamene dolutegravir amamanga manja integrase kuti asasokerere.

Chachiwiri, kufulumira. Ngati wina wagwiriridwa, kapena kondomu yang'ambika, kapena wagonana mosadziteteza ndi munthu amene sakudziwa mmene magazi ake alili, apite kuchipatala msanga akafunse mankhwala a PEP. Ayenera kuyamba maola 72 asanathe, ndipo amamwa masiku 28. Kuchedwa n'kupatsa kachilombo mpata wokhazikika. Manyazi asakuchedwetseni.

Chachitatu, njira zatsopano zodzitetezera. Mankhwala a lenacapavir amamatirira pa capsid, pamalo omwewo pamene kachikwamaka kamagwirira mapuloteni a pachipata, ndipo ulendo wake umasokonekera. Amaperekedwa ngati jakisoni kawiri pachaka. Pa kafukufuku wa ku South Africa ndi ku Uganda amene zotsatira zake zinatuluka m'chaka cha 2024, mwa atsikana ndi amayi achitsikana oposa 2,000 amene anabayidwa jakisoniyu panalibe ndi mmodzi yemwe amene anapezeka ndi HIV pa nthawi imene zotsatirazo zinkalengezedwa. Bungwe la WHO linavomereza njirayi m'chaka cha 2025. Funsani azaumoyo za njira za PrEP zimene zilipo pa chipatala cha kwanuko. Kumbukirani kuti PrEP siteteza ku mimba kapena ku matenda ena opatsirana pogonana.

Mafunso okambirana

1. Fotokozani m'mawu anuanu ntchito ya chiphaso cha puloteni ndi ntchito ya importin.
2. Mnzanu wauzidwa kuti kachilombo sikakuoneka m'magazi ake, ndipo akufuna kusiya ma ARV. Mungamuuze chiyani?
3. Kuchokera m'mudzi mwanu, chipatala chapafupi chili kuti? Kodi kalabu yanu ingathandize bwanji mnzanu kukafikako maola 72 asanathe?

Yesani kupanga kasewero: ena akhale alonda a pachipata, wina importin, wina kachilombo kovala yunifomu yobera, wina dolutegravir. Mukakaonetse pa msonkhano wa kalabu wotsatira, ndipo mutilembere mmene zayendera.