Mukakwera Mulanje, Musamusiye Wam'mbuyo

Achinyamata inu amene mukusonkherana ndalama za minibasi kuti gulu lanu la kutchalitchi kapena la kusukulu likakwere phiri la Mulanje, tcherani khutu. Phirili silichitira nkhanza anthu oyenda pamodzi. Limapweteka amene wapatuka.

Mukafika pa Likhubula, lembetsani mayina ku ofesi ya zankhalango, nenani njira imene mudzere ndi tsiku lotsika, kenaka tengani woperekeza wodziwa phirilo. Ndalama yake musaiwerenge ngati yotayika. Mu 2009 mnyamata wina wa ku Brazil anabweza womuperekeza, nati ku nsonga ya Sapitwa akafika yekha. Nyengo inatembenuka, ndipo mtembo wake unapezeka patapita masabata. Mu 2003 mlendo wina wamkazi wa ku Netherlands ananyamukanso yekha kulowera komweko, ndipo sanapezeke. Akuluakulu anati kuyenda awiri si mantha.

Sapitwa ndi wamtali mamita 3,002, ndipo kuzizira kwake musakuyerekeze ndi kwa pa Chitakale. Miyezi ya chisanu, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, chiperoni chochokera ku Mozambique chimatha kukuta phiri lonse pakanthawi kochepa, mnzako amene ali mapazi khumi patsogolo osamuonanso. Chikakupezani, imani, sonkhanani pamodzi, valani majuzi, mumvere woperekeza. Wothamangira kutsika m'chifunga amakathera kuphompho. Choncho aliyense anyamule juzi lake, chodzitetezera kumvula, tochi, madzi ndi kamba. Aliyense payekha, chifukwa tochi imene ili m'chikwama cha mnzako amene watsogola siikuunikira iwe.

Koma chimene chimandiwawa kwambiri ndi ichi. Gulu lililonse limakhala ndi anyamata amphamvu amene amathamangira kutsogolo, sipika ili paphewa, n'kukakhala pamwala kumajambulana. Kumbuyo kwatsala mtsikana amene nsapato yamutulutsa matuza. Akufika ali wefuwefu, asanatsegule n'komwe botolo la madzi, aja anapuma kalekale adzuka: "Tiyeni!" Iye sapuma ulendo wonse. Manyazi amamutseka pakamwa, miyendo imayamba kunjenjemera, ndipo amene amaterereka pathanthwe ndi yemweyo. Womaliza akafika, ndi pamene kupuma kwa gulu kukuyamba. Woperekeza akhale patsogolo, wamphamvu mmodzi atsekere kumbuyo, ndipo pamphambano iliyonse muwerengane. Wofuna kupita kuthengo auze mnzake, gulu liime. Wa mphumu kapena matenda akugwa anene akadali pansi, ndipo amene angamuseke abwerere pomwepo.

Onyamula katundu ndi bambo a eni. Gwirizanani mtengo musananyamuke, musawaunjikire zikwama za anthu atatu, ndipo mukamadya muwaitane.

M'nyumba zogonamo paphiri, monga Chambe, Lichenya, Thuchila ndi Chisepo, muli mlonda amene amasamala nkhuni ndi madzi. Mupatseni moni, musiye pamalo posesa, ndipo kukada sipika izime, poti ena akudzuka mbandakucha. Awiri ozembera kunja usiku amadzutsa gulu lonse kukawasaka ndi matochi, ndipo mtsikana akati ayi, kutalika kwa phiri sikusintha yankho lake. Mowa usiyeni kunyumba.

Majumbo, mabotolo ndi mapepala a bisiketi mutsike nawo. Moto muzikoleza pamalo ake okha. M'chilimwe udzu wa pamwamba umauma gwa, ndipo chotsalira cha ndudu chimodzi chingathe kupsereza mbande za mkungudza, mtengo wa fuko lathu umene watsala pang'ono kutheratu chifukwa cha macheka ndi moto wolusa. Pa Dziwe la Nkhalamba madzi ndi ozizira ndiponso akuya kuposa momwe amaonekera. Wosadziwa kusambira asakankhidwe, ngakhale mocheza. Mvula ikagwa kumtunda, mtsinje umene munaoloka podumpha miyala m'mawa umakhala utadzaza pobwerera. Dikirani uphwe.

Musanachoke pa Chisepo kupita ku Sapitwa, panganani ola lobwerera. Likakwana, tembenukani nonse, ngakhale nsonga ikuoneka pafupi. Kuno dzuwa likangolowa mdima umagwa nthawi yomweyo, ndipo pakati pa miyala ikuluikulu ya pansi pa Sapitwa, kutsika kumadya nthawi ngati kukwera komwe.