BP Ili Bwino, Nanga Chifu Chikulandira Magazi?

Mliri wa kolera umene unayamba ku Machinga mu Malichi 2022 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo chigwa cha Phalombe, chimene chinasakazidwanso ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, sichinasiyidwe. Ife amene tikuphunzira zachipatala tidzakumana ndi odwala otere: msodzi wochokera kunyanja ya Chilwa amene watsegula m'mimba usiku wonse, kapena mayi amene wataya magazi pobereka. Ambiri mwa ife timathamangira makina a BP. Tikaona 110/70, mtima umakhala pansi. Apa ndi pamene tiyenera kusamala.

Munthu akamapuma, chifu, matumbo ndi chiwindi zimalandira pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a magazi amene mtima ukupopa. Magazi kapena madzi akachepa, thupi limafinya mitsempha yopita kumeneko kuti ubongo ndi mtima zisasowe. BP imaoneka yabwino, koma khungu la mkati mwa chifu limakhala likusowa okosijeni. Zikapitirira, pamabuka zilonda zotuluka magazi. Thomas Curling analemba za zilonda za mtunduwu mu 1842, ataziona m'matumbo, pafupi ndi chifu, mwa anthu amene anapsa ndi moto.

Tingayeze bwanji? Njira yodziwika ndi gastric tonometry. Kachubu kokhala ndi kabaluni kunsonga kamalowetsedwa pamphuno mpaka m'chifu. Magazi akamayenda pang'onopang'ono, mpweya wa carbon dioxide sukokoledwa, umaunjikana m'khungu lija n'kulowerera m'kabaluni. Kenako timayerekeza mpweya umenewu ndi wa m'magazi ochokera kumtima. Kusiyanako kukakula, ndiye kuti chifu chamanidwa magazi.

Mu 1997, Hamilton-Davies ndi anzake ku London anachotsa 25 peresenti ya magazi mwa anthu athanzi amene anadzipereka. BP ndi kugunda kwa mtima sizinasinthe kwenikweni, koma muyeso wa m'chifu unasonyeza vutolo. Ngakhale zinali choncho, chidachi sichinafalikire, poti n'chovuta kugwiritsa ntchito ndipo asidi wa m'chifu amasokoneza zotsatira zake.

Pachipatala chaching'ono cha ku Nambazo sitidzachipeza. Chotsala ndi manja ndi maso athu. Tigwire zala za wodwala: kodi zazizira? Tifinye chikhadabo n'kuwerenga. Mtundu ukachedwa kubwerera kupitirira masekondi atatu, pali vuto. Mkodzo tiziuyeza ndithu, osangofunsa womudikirira, chifukwa impso nazonso zimamanidwa magazi msanga. Munthu wamkulu ayenera kutulutsa osachepera 0.5 ml pa kilogalamu iliyonse pa ola. Wodwala kolera amene watheratu madzi timamuika dripi ya Ringer's lactate, 100 ml pa kilogalamu: 30 ml m'theka la ola loyamba, 70 ml yotsalayo m'maola awiri ndi theka. Akangotha kumwa, timayamba Thanzi ORS dripi idakali pamkono.