Kumangirira kompuresa ya mpweya m'galimoto yoyenda m'misewu yovuta

Amene anayendetsapo Land Cruiser kapena Hilux mumchenga wa m'mphepete mwa nyanja amadziwa kuti tayala lokhuta mpweya limangokumba pansi. Pamenepo mumaliphwetsa kufika pa 1.2 bar kuti litambasuke ndi kugwira bwino. Koma mukabwerera pa tala n'kuthamanga nalo lophwa chomwecho, limatentha mpaka kuphulika. N'chifukwa chake kompuresa yokhazikika m'galimoto ndi yofunika.

Yambani ndi malo. Ambiri amaiika pansi pa boneti, ndipo nzabwino ikakhala kutali ndi ekizozi, komanso pamwamba pomwe madzi sangafike powoloka mtsinje. Kompuresa imatentha yokha, musaiwonjezere moto wa injini. Kasefa kake ka mpweya kaloze kopanda fumbi. Ngati m'boneti mwathina, pansi pa mpando kapena kumbuyo n'koyenera, bola mpweya uzizungulira. Imangeni ndi mabawuti pachitsulo cholimba, musanaboole muone kuti kuseri kulibe mawaya kapena mapaipi a mabuleki.

Pamawaya ndi pamene ndikupemphani kuti musaumire ndalama. Makompuresa a 12V monga a ARB kapena Viair amakoka magetsi opitirira ma amp 20, ndipo a mapampu awiri amatha kudutsa 50. Soketi yoyatsira ndudu singapirire zimenezo. Chotsani kaye waya wa negetivi pa batire. Kenako kokani waya wonenepa kuchokera ku pozitivi, ndipo fyuzi ya mphamvu imene buku la kompuresayo lanena ikhale pafupi kwenikweni ndi batire. Fyuzi ikakhala kutali, waya ukakhudza bodi pakati panjira palibe choutchinjiriza, ndipo galimoto zimapsa motero. Magetsi ambiriwo adutse pa relay. Ku swichi ya m'kati kupite kawaya kakang'ono kongoyatsira. Paliponse pomwe waya walowa pabowo lachitsulo, ikanipo labala kuti usadyeke ndi kugwedezeka kwa m'mabampu. Negetivi ya kompuresa ipite ku batire kapena pachitsulo chopalidwa penti.

Polumikiza mapaipi a mpweya kulungani tepi yoyera ya ma plumber, mukayatsa pakanipo madzi a sopo. Thovu likatuluka, pakutha mpweya.

Popopa, injini izilira kuti batire isaphwe. Paipi yotulukira mpweya imawotcha, musaigwire ndi manja. Yezani ndi geji kompuresa itazima, mufikitse pa mlingo wolembedwa pakhomo la dalaivala.