Phunziro 12: Madzi a Mvula Amapita Kuti?

TIWERENGE

Anzathu, amayi ndi abambo, mvula ikagwa tonse timakondwa. Koma tidzifunse: mvula ikakata, madzi aja amapita kuti?

Madzi a mvula ali ndi njira zitatu. Ena amayenda pamwamba pa nthaka kutsetserekera kunsi. Ena amalowa m'nthaka. Ena amauma ndi dzuwa ndi mphepo, nakwera kumwamba ngati nthunzi kukapanganso mitambo. Mlimi ayenera kudziwa njira zimenezi, chifukwa chimanga chimamwa madzi okhawo amene alowa pansi.

MADZI OYENDA PAMWAMBA

Mvula ikagwa yambiri kuposa imene nthaka ingathe kumwa, madzi otsala amayamba kuyenda. Amayamba ngati timifuleni m'munda. Timifuleni timakumana m'khwawa. Makwawa amathira mumtsinje. Madzi ambiri a kumapiri a ku Angónia amatsikira mumtsinje wa Revúbuè. Revúbuè amathira mu Zambezi pafupi ndi mzinda wa Tete, ndipo Zambezi amakathira m'nyanja yamchere.

Madzi othamanga ali ndi mphamvu. Mu Januwale 2022, namondwe Ana atafika, Revúbuè anasefukira ndipo mlatho wa pakati pa Tete ndi Moatize unaduka. Mvula yoopsa chotero palibe angaigwire yonse. Koma mvula ya masiku onse tingathe kuigwira m'minda mwathu.

Madzi sachoka okha m'munda. Amanyamula dothi lapamwamba, lomwe ndi lachonde. Amanyamula manyowa, feteleza ndi mbewu zimene tabzala. Tikaona mtsinje uli wofiira, tidziwe kuti ndi minda yathu imene ikupita. Kumeneku ndiko kukokoloka kwa nthaka. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Pamene madzi adutsa chaka chino adzadutsanso chaka chamawa, ndipo kangalande kadzasanduka chigwembe.

MADZI OLOWA PANSI

Nthaka ili ndi timabowo tambirimbiri. Mizu ya mitengo ndi ya udzu imaboola nthaka. Nyongolotsi ndi chiswe nazonso zimaboola. Madzi amatsika ndi timabowo timeneti.

Dothi silifanana. Lamchenga limamwa madzi msanga, koma limaumanso msanga. Makande amamwa pang'onopang'ono, koma amasunga madzi nthawi yaitali. Dothi la manyowa ambiri limamwa bwino ndipo limasunga bwino.

Madzi ena amatsala pamene pali mizu, ndipo mbewu zimamwa. Ena amapitirira kutsika mpaka atafika pa thanthwe kapena pa dongo lolimba. Pamenepo amadzaza mipata ya mchenga ndi ming'alu ya miyala. Awa ndi madzi a pansi pa nthaka. Nawonso amayenda kulowera kunsi, koma mwapang'onopang'ono kwambiri. Amatulukira pa kasupe, m'dambo ndi mumtsinje. Tikakumba chitsime timapeza madzi amenewa. Mjigo umakokanso madzi omwewa.

Tsono taonani: madzi amene timatunga mu Okutobala, ndi amene timathirira nawo dimba, ndi mvula imene inalowa pansi miyezi kapena zaka zapitazo. Phiri likakhala lopanda mitengo ndi udzu, madzi olowa pansi amachepa. Chitsime chimaphwa msanga, ndipo amayi ndi ana amayenda mtunda wautali ndi ndowa pamutu.

Madzi a pansi amanyamulanso zonyansa. Chifukwa chake chimbudzi tikumbe kumunsi kwa chitsime, patali mamita 30 kapena kuposa. Tikatero tidziteteza ku kolera ndi matenda otsegula m'mimba.

TIWERENGERE

Mvula imayezedwa m'mamilimita. Milimita 1 ya mvula, pa malo a mita 1 m'litali ndi mita 1 m'lifupi, ndi lita 1 ya madzi. Hekitala ndi munda wa mamita 100 m'litali ndi mamita 100 m'lifupi. Mvula ya mamilimita 20 ikagwa pa hekitala imodzi, agwa malita 200,000. Amenewo ndi migolo 1,000 ya malita 200. Theka la madziwo likathawa, mlimi wataya migolo 500 tsiku limodzi.

TIYESE

Tisankhe malo awiri otsetsereka mofanana. Ena akhale a dothi lopanda kanthu, ena a udzu kapena ophimbidwa ndi mapesi. Tithire ndowa imodzi ya madzi pa malo alionse. Tione: ndi pati pamene madzi athamanga? Ndi pati pamene atuluka amatope? M'mawa mwake tikumbe ndi khasu, tione pamene chinyezi chafika pansi kwambiri.

TICHITE CHIYANI?

Ntchito yathu ndi kuchepetsa liwiro la madzi kuti apeze nthawi yolowa pansi.

1. Mizere ipingase phiri, isatsetsereke nalo. Poyeza tigwiritse ntchito chida chooneka ngati chilembo A: mitengo iwiri yaitali mofanana, mtengo wopingasa, ndi chingwe cha mwala cholendewera kuchokera pamwamba. Tiyambe taimika chidacho pamalo osatsetsereka, tilembe chizindikiro pamene chingwe chakhudza mtengo wopingasa. M'munda, chingwe chikafika pa chizindikirocho, ndiye kuti miyendo yonse iwiri yaima molingana. Pamenepo tikhome zikhomo, ndipo mzere utsate zikhomozo.

2. M'makwalala titseke ndi timilambala tadothi kuti madzi aime. Koma m'makande ojejemera madzi tisatseke, mbewu zingaole mizu.

3. Tisatenthe mapesi ndi udzu. Tiphimbire nthaka, kuti madontho a mvula asamenye dothi ndi kutseka timabowo take.

4. Tithire manyowa.

5. Tibzale udzu wa vetiva m'mizere yopingasa, ndi mitengo m'phiri. Tisalime mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje.

6. Chigwembe tichitseke chikadali chaching'ono, ndi miyala ndi zikhomo, kuyambira kumtunda.

Ntchito imeneyi si ya munthu mmodzi. Madzi sadziwa malire a munda. Wa kumtunda akalekerera, wa kumunsi ndiye amalira. Mutu umodzi susenza denga. Tiyeni mudzi wonse upangane tsiku, tiyambire pamwamba pa phiri, mvula isanagwe.

TILEMBE

madzi, mvula, nthaka, kasupe, chitsime, chigwembe, manyowa

Madzi olowa pansi ndi chakudya chathu.

TIKAMBIRANE

1. Tchulani njira zitatu za madzi a mvula.
2. Madzi a m'chitsime amachokera kuti?
3. Chitsime cha m'mudzi mwathu chimaphwa mwezi uti? Nanga kale chinkaphwa mwezi uti? Tifunse agogo.
4. Zigwembe zilipo zingati m'minda mwathu? Tiyamba kutseka chiti, ndipo tsiku liti?