Njuchi zathawa, maluwa akuyoyoka: makalata ochokera ku Machinga ndi Balaka

Woulutsa: Sabata ino makalata ambiri achokera ku Machinga ndi ku Balaka, ndipo nkhani yake ndi imodzi: njuchi. Yoyamba alemba ndi bambo ena okhala m'munsi mwa phiri la Chikala. Akuti: "Chilimwe chathachi njuchi zathawa m'ming'oma yanga, zangosiya zisa zouma. Anzanga akuti pali amene wandichita chipongwe. Kodi n'zoona?" Akatswiri athu, ayankheni.

Katswiri: Pepani kwambiri bambo, ndikudziwa kuti uchi umenewo munauwerengera pa fizi ya ana ndi feteleza. Koma musadane ndi anansi anu. Yankho lili m'kalata yanu momwemo: zisa zouma. Mukatsegula mng'oma n'kupeza mulibe uchi, mulibe mungu, mulibenso ana, dziwani kuti yathamangitsa njuchizo ndi njala. Njuchi zathu za kuno ku Africa sizidikira imfa. Chakudya kapena madzi zikasowa, zimanyamuka zonse ndi mfumukazi yawo.

Nanga njalayo yachokera kuti? Uchi wa m'mapiri anuwo, Chikala, Chaone, Mongolowe mpaka Malosa, umadalira kwambiri mitengo ya miombo. Ina monga tsamba ndi mombo imachita maluwa nyengo yotentha, mvula isanayambe. Mchenga umadikira kumapeto kwa dzinja. Mitengo imeneyi imagwiritsa ntchito chinyontho chimene mvula yapita inasiya m'nthaka. Mvula ikadula msanga, monga zinachitikira m'dzinja la 2023 mpaka 2024 pamene boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 agwa m'ngozi ya chilala, mtengo umachita maluwa ndithu, koma timadzi timene njuchi zimamwa timakhala tochepa kwambiri. Inu mukuona maluwa, njuchi ikuona mbale yopanda nsima. Mvula ikachulukanso, monga ya namondwe Freddy mu Malichi 2023, njuchi zimabindikira masiku angapo zikudya zimene zinasunga, maluwa akuyoyoka panja.

Palinso kutentha. Malo amene njuchi zimalerera ana amafunika kukhala pa madigiri pafupifupi 35. Kunja kukatentha kwambiri, njuchi zambiri zimasiya kufuna chakudya n'kuyamba kutunga madzi oziziritsira mng'oma. Kamtsinje ka m'phiri kakauma, ntchito imeneyo imazikanika. Ndiye pachikani ming'oma pa mthunzi wa mtengo wosayoyola masamba, ikani madzi m'beseni pafupi, muponyemo miyala ndi timitengo kuti zisamire, ndipo pofula siyani zisa zina za uchi. Lambulaninso udzu kuzungulira malowo moto usanayambe.

Woulutsa: Kalata yachiwiri yachokera kwa mphunzitsi wa sekondale ku Liwonde. Akuti anawerenga kuti kumayiko a azungu njuchi zotchedwa bumblebee zikuthawira pamwamba pa mapiri chifukwa cha kusintha kwa nyengo. Akufunsa ngati zilikonso m'mapiri athu.

Katswiri: Aphunzitsi, funso lanu landisangalatsa. Njuchi zimenezo, zonenepa ndi zaubweya, n'za kumalo ozizira, ndipo kum'mwera kwa chipululu cha Sahara kulibe. Koma zimene zikuzichitikira zikutikhudza. Mu 2015 magazini ya Science inafalitsa kafukufuku wa Jeremy Kerr ndi anzake, amene anaunika zolembedwa za zaka zoposa 100 ku Ulaya ndi ku North America. Anapeza kuti njuchizi zatha kumalire a kum'mwera kwa madera awo, mwina mpaka makilomita 300, koma sizikufalikira kumpoto kozizira. Mitundu ina yakwera m'mapiri ndi mamita pafupifupi 300. Chaka chomwecho, kafukufuku wina wa m'mapiri a Rocky ku Colorado anaonetsa kuti m'zaka 40 malilime a mitundu iwiri ya njuchizi afupika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi. Maluwa anachepa chifukwa cha kutentha, ndipo zimene zinapulumuka ndi zija zotha kudya pa duwa lililonse.

Auzeni ana asukulu chifukwa chake: mukakwera mamita 1,000, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6. N'chifukwa chake ku Balaka thukuta lili kamukamu pamene pamwamba pa Zomba anthu avala majuzi. Dziko likamatentha, chomera ndi kachilombo zokonda kuzizira zimasunthira m'mwamba. Koma phiri lili ndi pothera. Sapitwa ku Mulanje ndi mamita 3,002, pamene mapiri a ku Machinga ndi aafupi kwambiri poyerekeza. Ndipo chimene chimandiwawa ine n'chakuti njira yokwerera tikuidula tokha. Yendani pa msewu wa Zomba kupita ku Liwonde muone matumba a makala amene andanda, kenako mukweze maso muone m'mene nkhalango ya Liwonde yayerera. Sindikunyoza wootcha makala; ambiri yawakankhira kumeneko ndi njala yomweyi. Koma mtengo wa masuku ukadulidwa, zipatso zatha, maluwa a njuchi athanso, ndi kasupe amene unkamuphimba amauma. Kutentha kwa dziko lonse sitingakuletse ife tokha a ku Machinga. Nkhwangwa ndi moto wosakira mbewa, zimenezo zili m'manja mwa mafumu, makomiti a zachilengedwe a m'midzi ndi a nthambi ya zankhalango.

Woulutsa: Yomaliza yachokera kwa mayi a ku Ulongwe. Akuti nandolo wawo amachita maluwa ambiri koma amangoyoyoka, maungu nawo amafota akadali aang'ono. Awonjezeranso kuti amuna awo amaotcha mabemberezi amene amaboola mitengo ya denga la khola.

Katswiri: Mayi, akamabwera bambo kunyumba muwauze kuti akuotcha antchito awo. Bemberezi ndiye amagwira kuno ntchito yofanana ndi ya njuchi zija za ku Ulaya. Duwa la nandolo ndi lotsekeka, ndipo iye ndi wolemera moti akateramo limatseguka. Pa tomato ndi mabiringanya amagwira duwa n'kulinjenjemeretsa mpaka mungu kutuluka, zimene njuchi ya uchi siitha. Magalagadeya nawo amadalira iye. Ngati akuwononga denga, muikireni zipika zouma kumapeto kwa munda, ndipo mitengo ya kholayo muipake oyilo wakutha.

Koma ndisakunamizeni kuti vuto lonse ndi limeneli. Nandolo mwachibadwa amataya maluwa ambiri, ndipo kutentha ndi kuuma kwa nthaka kumawonjezera. Mbozi nazonso zimadya maluwa ndi zitheba, choncho tsegulani maluwa angapo muone m'kati. Kwanuko mumalimanso thonje. Mankhwala opopera thonje amapha njuchi ndi bemberezi yemwe, ndiye poperani madzulo dzuwa litapendeka, mphepo itadeka, osati m'mawa pamene tizilomboti tili pa maluwa.

Za maungu, chitani izi mawa lomwe. Lawirirani m'munda, chifukwa duwa la dzungu limatseguka m'mawa n'kufota dzuwa likakwera. Duwa lalikazi mudzalidziwa ndi kadzungu kakang'ono kamene kali kunsi kwake. Lalimuna lili pa kaphesi kowonda chabe. Thyolani lalimuna, chotsani masamba ake achikasu, ndipo kamutu ka mungu kaja mukakhudzitse pakati pa duwa lalikazi. Duwa limodzi lalimuna likwanira aakazi awiri kapena atatu. Pakatha sabata, kadzungu kamene kalandira mungu kamayamba kukula, pamene kosalandira kamachita chikasu n'kugwa. Mutilemberenso kutiuza m'mene zayendera.

Woulutsa: Makalata a ku Phalula ndi ku Nsanama okhudza chiswe m'ming'oma tiwawerenga sabata yamawa, nthawi ngati yomweyi.