Mmisiri wa Mazenera ndi Mmisiri wa Denga la Sukulu

Pa misika yambiri ya kumidzi kumene magetsi anafika pali amisiri owocherera zitsulo, ndipo anthu ambiri amayesa kuti nchito yonse yowocherera ndi imodzi. Si tero ai. Pali nchito ya pakhomo, ndiponso pali nchito ya nyumba zazikuru monga masitolo, nyumba zosungiramo mbeu ndi masukulu. Aphunzitsi ndi makomiti a sukulu ayenera kudziwa kusiyana kwace asanapereke ndalama.

Nchito ya pakhomo ndiyo mafelemu a mazenera, zitseko, mageti, mbaula ndi kukonza ngolo. Zitsulo zace nzopyapyala, za mamilimita 1 kapena 2. Makina ang'ono a magetsi a m'nyumba, a mavoti 230, akwanira, pamodzi ndi ndodo zowocherera za mamilimita 2.5. Cimene mmisiri amaopa nkuboola citsulo ndi moto wambiri. Woyesa nchitoyo ndiye mwini nyumba, ndipo citseko cikagwejemuka angocibwezera kwa mmisiri.

Denga la sukulu ndi nkhani yina. Zitsulo zace zisenza malata ndi kulimbana ndi mphepo ya mkuntho, ana ali pansi pace. Citsulo cocindikala, monga ca mamilimita 10, sicilumikizika ndi mzere umodzi. Mmisiri ayamba wasema m'mphepete mwa zitsulo ziwirizo kuti moto ulowe mpaka pakati. Atero awocherera mzere woyamba, nagogoda makoko onse, naikanso mzere wina pamwamba pace. Akasiya makoko mkati, kunja kuoneka bwino koma mkati muli mphako, ndipo penti abisa zonse. Ndodo zina za nchito yotere zifunika kusungidwa pouma, cifukwa zikalowa cinyontho polumikizira pamadzang'ambika. Makina akuru ambiri afuna magetsi a mavoti 400, amene sapezeka pa msika uli wonse.

Pa nchito zazikuru mmisiri sagwira za m'mutu mwace. Atsata pulani ya injiniya, imene inena kukula kwa citsulo ndi utali wa mzere uli wonse. Iye mwini ayamba wayesedwa: awocherera tizitsulo tiwiri, ndipo woyesa atipinda kuti aone ngati ting'ambike. Pa mapaipi ndi mathanki akuru amaunikanso mkati mwa polumikizira ndi X-ray. Nciifukwa cace mtengo wa nchito yotere umakwera.

Tsono komiti ikafuna denga la zitsulo, ifunse mmisiri kumene anaphunzira, ipite kukaona denga lina limene anamanga, ndipo iitane wa zomangamanga wa ku boma adzaone polumikizira ponse asanapake penti.

Ngakhale nchito ya pakhomo iri ndi ngozi yace. Zitsulo zochinga mbala pa mazenera onse zimatsekeranso eni nyumba moto ukabuka usiku. Nkwabwino kuuza mmisiri kuti zenera limodzi la kucipinda cogona likhale lotseguka ndi kiyi, ndipo kiyiyo azikhala pafupi, pamene ana omwe apadziwa.